Koka Kapena Dula

Ba Koka tinawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti "mudala uja wapumula," manja amandiyabwa. Sanapite kokapumula ayi. Ife a m'nyumba ya asisi anga tikudziwa kuti anapita kukafunsa funso kwa munthu wakufa, ndiponso tikudziwa kuti ulendowo anauchedwetsa dala, mmene akanathera.

Pa mtanda analembapo kuti Yesaya Mbewe. Anthu ena kumanda ankawerenga dzinalo n'kumayang'anana, ngati alowerera maliro a eni. Kuchokera kukomboni ya Estates mpaka kusiteshoni ya sitima, palibe ankawatchula choncho. Bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, iwo n'kubadwira konkuno ku Kafue, koma Chichewa chawo chinali chija cha m'nyimbo za kutchalitchi cha Reformed, chosasakaniza kalikonse. Ife tikamati "nifuna," iwo ankati "ndikufuna," ndipo liwu lililonse linkatuluka ngati alichapa kaye. Anaphunzitsa Chizungu kupulayimale mpaka tsitsi linayera mbuu. Makondakitala, manesi, ogulitsa nsomba kumsika, ngakhale ena amene lero amavala majekete ku Boma, onsewo anadutsa pansi pa rula yawo.

Dzina la Koka linachokera pa mawu awiri. M'Chizungu muli "leave" ndi "live." M'kamwa mwa ife a kuno onse awiri amatuluka chimodzimodzi, "livi," basi. Koma loyambalo ndi kuchoka, kusiya, kutembenuka n'kupita, ndipo polinena umayenera kukoka mpweya: liiiv. Lachiwirilo ndi kukhala pamalo, kukhala ndi moyo, ndipo limenelo umadula msanga: liv. Mwana akalakwitsa m'kalasi, aphunzitsi Mbewe sankataya nthawi ndi kufotokoza. Ankagwira mpweya pamilomo pawo ndi zala ziwiri n'kuukoka ngati ulusi: "Koka!" Kapena ankamenya chikhatho ndi m'mphepete mwa dzanja linalo: "Dula!" Pabolodi ankatiwonetsa kuti lochokalo lili ndi zilembo zambiri chifukwa munthu wochoka amasenza katundu, pamene lokhalalo n'lopepuka, silinyamula kanthu. Panali mawu ena a Chizungu ofanana m'khutu amene ankatizunza nawo, a nkhosa ndi sitima ya pamadzi, a mpando ndi kukhala pansi, koma awiriwa ankawagwira ngati makala a moto. Ankati Mzungu anachita chinthu choopsa, anaika kuchoka ndi kukhala moyandikana kwambiri, pakati pake n'kusiyapo kampweya kamodzi kokha. Ndiye munthu wosasamala mpweya wake tsiku lina adzathamangitsa amene amafuna kumusunga.

Ife tinkaseka. Kodi ndani angathamangitsidwe ndi kampweya?

Ine sukulu ndinaisiyira pa giredi seveni, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Aliyense amene anabwerapo kushedi yanga yowotcherera mageti akudziwa. Tsiku limene ndinanyamula mabuku anga komaliza, anandiimitsa pageti la sukulu. Ndinkayembekeza ulaliki. Iwo anangoti, "Yotamu, tanena m'Chizungu chimene ukuchitachi." Ndinati ndikulivi sukulu. Anati, "Koka, mwanawe. Liwu limeneli ndi lako tsopano, uzilitchula bwino." Za ine zithere pomwepa.

Atapuma pantchito, anatenga mpando wawo wa ndalema n'kuuika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji ya maminibasi a ku Lusaka. M'mawa uliwonse anali pamenepo, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala pamene phula limasungunuka, nsapato zong'ambidwa dala m'mbali chifukwa mapazi ankatupa, tiyi ali m'botolo la jamu. Moni ankapereka m'Chichewa chokha. Ankati Chizungu ndi chida cha ntchito, ukachigwira uchigwire bwino, koma sungapite nacho kukaona wodwala. Ankanyadira kuti ife tili ndi "kukhala," liwu limodzi lokwanira mpando, nyumba ndi moyo womwe, ndipo ngakhale nkhalamba yopanda mano singalisokoneze ndi "kuchoka." Kondakitala akakuwa kuti basi ikulivi manje manje, kunena kuti ikunyamuka pompano, pansi pa mango pankamveka "Koka!" Ndipo kondakitalayo, munthu wa ndevu zake, ankabwereza bwinobwino ngati mwana wa giredi folo, okwera akufa ndi chiseko. A kumafakitale akadutsa akudzitama kuti ali pa livi, ndiye kuti patchuthi, ankawauza kuti akoke ndithu, koma asakoke kwambiri, chifukwa fakitale ikazolowera kuyenda popanda iwo, liwulo limatalika lokha.

Tsiku lina anafika kushedi kwanga ndikulimbana ndi mawaya. Ndinawachenjeza kuti asaponde pamenepo, waya uyo ndi wa laivu. Anaima n'kumwetulira ngati akumana ndi m'bale wawo. Anati limenelo ndi lodula lomwe lija, zilembo zake zomwezo, langovala malaya ena; likutanthauza kuti wayayo ali ndi moyo. Ndinati ine chimene ndidziwa n'chakuti amaluma. Anati eya, zamoyo zonse zimaluma, iwenso ndiwe umboni.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi m'busa wina wachinyamata amene anamanga tenti kuseri kwa siteji. Masana ena akupempherera mayi wodwala, m'busayo ankakuwa pa sipika, "Sickness, liv! Liv! Liv!" Ba Koka anapirira pang'ono, kenako anadzuka, ndodo m'manja, n'kulowa mutenti mpaka kutsogolo.

"Abusa, pepani ndakudulani. Matendawa mukuwatulutsa, kapena mukuwapatsa malo?"

"Ba shikulu, nkalani pansi. Mzimu Woyera safuna ma grammar yanu."

"Zoona, Mzimu amamva za mumtima. Koma inu simukuyankhula ndi Mzimu, mukuyankhula ndi matenda. Mwawauza ndi pakamwa panu kuti akhale. Akakhala, mudzati ndi ufiti?"

Woyamba kuseka anali mayi wodwala uja, ali chigonere pamphasa. Lamlungu lotsatira m'busa analalikira za mzimu wa Afarisi umene umakhala pansi pa mitengo ya mango. Koma kuyambira pamenepo tikamumva pa sipika, liwu lija ankalikoka mpaka kutsokomola. Loweruka lapitali anali mmodzi wa onyamula bokosi, ndipo analira kuposa ife.

Sindinama kuti anali munthu wofewa. Ankakonza anthu ngakhale pamaliro. Mwana wawo yekhayo wamwamuna, Davide, pa tsiku la ukwati wake anaimirira muholo n'kulonjeza mkazi wake m'Chizungu kuti sadzamusiya mpaka imfa. Liwu lija analidula. Kuchokera patebulo la makolo panamveka, "Koka!" Holo yonse inagwa ndi chiseko, azilamu, apongozi, onse, Davide yekha ndiye sanaseke. Anasamukira ku Kitwe, ndipo kuno ankangobwera ngati mlendo wofulumira. Ba Koka sanapepese. Ankati sakanatha kukhala chete mwana wawo akulonjeza chinthu cholakwika pamaso pa Mulungu. Koma patapita zaka, asisi anga akuwathirira tiyi, anangonena okha kuti tsiku la ukwati lija wofunika kudula anali iwowo. Sanabwerezenso.

Amayi a kunyumba kwawo atamwalira, mudala anafooka. Kukiliniki anasiya kupita, mapiritsi a mtima ankangowunjikana pawindo, shuga ankathira mu tiyi mpaka supuni kuima. Ankati piriyodi yawo yatha, akungodikira belu. Tonse tinkaona kuti chaka chimenecho sachimaliza. Ndi nthawi imeneyo pamene alamu anga anamwalira.

Asisi anga, ba Esinati, anakwatiwa ndi ba Milimo, Mtonga wa ku Monze amene anakulira kuno kwa azakhali awo. Anali ndi nyumba yawo ku Estates ndi mwana mmodzi, Luyando, amene nthawiyo anali asanayambe n'komwe sukulu. Chifuwa chitawagwira alamu, kuchipatala anayesa zimene akanatha, kenako iwo anapempha kuti akatsirizikire kunyumba. Akulu awo, ba Mainza, anabwera kuchokera kumudzi kudzadwazika. Ba Mainza Chinyanja ankangomva moni. Asisi anga Chitonga ankangodziwa cha kumsika. Ndiye masana omaliza aja, alamu atagona pa matiresi pabalaza, mkazi uku, mkulu wawo uku, anasankha chiyankhulo chimene onse awiri akanamva. Mpweya ukuduka, anati: "Esinati... must... livi... here."

Asisi anamva kuti akhale pano. Ba Mainza anamva kuti achoke pano. Ndipo mwa awiriwo palibe ankanama. Ichi ndiye chimandiopsa mpaka lero.

Maliro atatha, m'mawa wogawa zovala za malemu, ndinafika n'kupeza sofa ili pakapinga, firiji ili pakapinga, mapoto a asisi ali m'thumba la fetereza, kagalimoto kakudikira pageti. Ba Mainza ankati akukwaniritsa mawu a mng'ono wawo: mkazi abwerere kwa abale ake, nyumba itsekedwe mpaka a kumudzi aone chochita nayo. Malamulo oteteza amasiye alipo, inde, koma malamulo amakhala ku Boma, pamene sofa inali kale panja. Asisi anali atakhala pansi pakhonde, chitambala chakuda kumutu, atamukumbatira Luyando, osalira n'komwe. Ine ndinathamangira kushedi n'kubwerako ndi chitsulo cha geti chofika m'chiuno. Amene akanakhudzanso poto wa asisi anga akanandidziwa.

Ndili pageti, chitsulo m'mwamba, ndinamva kumbuyo kwanga mawu aja ochapidwa.

"Yotamu, mwanawe, tandibwereka chitsulocho. Ndodo yangayi yandifupikira lero."

Ba Koka anali atayenda kuchokera kusiteji ndi mapazi otupa aja, thukuta lili kamukamu, tayi ili m'malo mwake. Palibe anawaitana, nkhani anaimva kwa makondakitala. Anatambasula dzanja, ndipo ine, amene sindimva za munthu ndikapsa mtima, ndinangoona chitsulo chili m'manja mwawo. Anachitsamira ngati ndodo yeniyeni.

Anatuma munthu kuti akatenge mpando wawo pansi pa mango. Kenako anayamba kufunsa, Chizungu kwa ba Mainza, n'kumabwereza m'Chichewa kuti amayi a kutchalitchi amene anali kuseri amve. Ine ndilemba za Chichewazo, poti ndi zimene ndinagwira bwino.

"Bambo Mainza, pepani ndi maliro. Tandiuzani liwu limene munamva, mmene munalimvera."

Ba Mainza anati liiiv, kukoka bwinobwino.

"Esinati, mwanawe, nawe tanena."

Asisi anati liv, motsitsa.

"Milimo ndinamuphunzitsa ndine," anatero Ba Koka. "Pa masamu anali katswiri. Koma mwana ameneyo sanakokepo liwu limeneli chibadwire. Ndinamumenya ndi rula mpaka rula inatopa. Kuchoka ankati livi, kukhala ankati livi. Ndiye tsiku lomalizalo, chifuwa chitatha, mpweya wokokera akanautenga kuti? Bambo Mainza, kukokako mwaikamo ndinu."

Ine mumtima ndinati basi, tawina, bwezani sofa. Ndinayamba kale kuwayang'ana anyamata a kagalimoto aja ndi diso loti mwamva?

Koma ba Mainza sanali munthu wopusa. Anati, ngati mng'ono wanga sankatha kukoka, ndiye kuti mwina ankafuna kukoka n'kulephera. Inu mukudziwa bwanji?

"Sindikudziwa," anatero Ba Koka.

Ndinakuwa ine: "Ba Ticha! Imwe muli ku side ya bandani kansi?"

"Khala chete, Yotamu. Bambowa anena zoona. Ine sindikudziwa, iwo sakudziwa, Esinati sakudziwa. Khutu latha ntchito pano."

Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo liwu kudutsa osaliweruza, anavomera pamaso pa anthu kuti sakudziwa. Ngakhale woyendetsa kagalimoto anazimitsa injini.

Kenako anayamba kuyankhula pang'onopang'ono, ngati m'kalasi. Anati mawu awiriwa akakana kusiyana m'khutu, umayang'ana chimene lililonse limafuna pambuyo pake. Lokokalo limafuna njira. Munthu ukamuuza kuti achoke, umamuuzanso kolowera. Kodi Milimo anatchula kumene mkazi wake apite? Ba Mainza anati ayi. Lodulalo limafuna denga. Anatembenukira kwa ine: kodi si iwe unawotcherera zitsulo za mawindowa mwezi wathawu, Milimo akukulamula ali pa matiresi? Ndinati ndine, ndipo alamu anachita kunena kuti loko ya chitseko ndiitsitse pang'ono chifukwa asisi ndi aafupi. Ba Mainza anati umenewo si umboni, munthu aliyense amakonza nyumba yake.

"Si umboni, inde," anatero mudala. "Ndiye kuti tikhoza kulakwitsa, inu kapena ife. Tiyeni tisankhe cholakwa. Tikadula pamene Milimo anakoka, mkazi ndi mwana agona m'nyumba imene mwini wake sanafune. Wakufa sataya kanthu. Tikakoka pamene Milimo anadula, mwana wa mng'ono wanu agona panja, ndipo mudzakhala mutamugoneka panjapo m'dzina la bambo ake. Inu ndi ine tonse tidzakumana naye Milimo. Ndi cholakwa chiti chimene mungathe kusenza pokamuona?"

Maso a ba Mainza anali ofiira. Ndinaona koyamba kuti nawonso ndi munthu amene wangoika m'bale wake m'manda. Anati iwo anatumidwa ndi womwalira, ndipo mawu a womwalira saseweretsa. Sangabwerere kumudzi n'kukanena kuti anasiya chifukwa cha mphunzitsi wa pansi pa mango.

Apa m'pamene mpando unafika. Ba Koka analoza pakhonde, pafupi ndi chitseko penipeni, n'kukhalapo, chitsulo changa chili pamiyendo.

"Chabwino. Pali mmodzi yekha amene akudziwa, ndipo ali kutsidya. Mwa tonse tili pano, woyamba kukafikako ndine. Taonani mapazi angawa. Ndikamufunsa ndekha: Milimo, unakoka kapena unadula? Mundilole ndikhale mthenga wanu. Koma pamene ndisananyamuke, ine ndikhala pano, ndipo mayiyu ndi mwanayu akhala m'katimo. Ndikapita, mudzabwere, mudzachite chimene mtima wanu udzamve kuti ndayankhidwa."

Ba Mainza anawayang'ana: nkhalamba yopuma movutikira, milomo yotuwa, mapazi ngati mapapaya, munthu woti aliyense akanati Khirisimasi saiona. Anavomera n'kupereka dzanja. Anagwirana chanza anthu onse akuona. Sofa inabwerera m'nyumba. Mbali imodzi ndinanyamula ine, inayo anagwira ba Mainza.

Madzulo Ba Koka ndinawaperekeza kwawo, ukali usanandithere. Ndinati, "Ba Ticha, manje mwachita chani? Mukafa mailo, ba sisi bazayenda kuti?" Tikufika pakhomo pawo anandifunsa kuti kodi kukiliniki masiku ano amatsegula nthawi yanji.

M'mawa mwake anali woyamba pamzere.

Apa ndiye ine mawu amandithera. Munthu amene ankangodikira belu anayamba kukhala ndi moyo ngati ndi ntchito imene walembedwa. Shuga anasiya tsiku lomwelo. Mchere anasiya. Nshima ankadya kamtanda kamodzi ndi ndiwo zamasamba, uku akudandaula kuti zikukoma ngati pepala la mayeso. Mapiritsi ankamwa pa nthawi yake, mwaulemu ngati mgonero. M'mawa uliwonse ankayenda kuchokera kwawo kudutsa pasiteji, n'kulonjera makondakitala, koma pansi pa mango sanakhalenso. Ankapitirira mpaka pakhonde la asisi. Kaya ndi mvula, kaya ndi mphepo ya mu Juni yochokera kumtsinje, kaya ndi dzuwa la Okutobala, anali pamenepo. Khirisimasi ija anaiona. Anaona inanso, ndi inanso. Luyando anayamba giredi wanu, homuweki akuchitira pamapazi pawo, ndipo lero ndi mtsikana wa kusekondale amene amatikonza tonse Chizungu mopanda ulemu n'komwe.

Nthawi ina anagwa kubafa n'kuthyoka m'chiuno, madokotala n'kutiuza kuti pa msinkhu wawo tisayembekeze zambiri. Anadzuka. Anabwerera pakhonde pa wilibala, ine ndikukankha, iwo atagwira tayi kuti isauluke, akuyankha moni wa anthu ngati ali m'galimoto ya boma.

Ba Mainza ankabwera chaka chilichonse akakolola, ndi thumba la mtedza kapena maungu a Luyando. Ankaima pageti n'kupereka moni wa kwawo, uja wofunsa ngati munthu ukadali moyo: "Mwapona, mudala?" Ba Koka ankayankha, "Ndapona, bambo. Sindinanyamuke. Pepani, mthenga wanu ndi waulesi." Poyamba ba Mainza sankaseka. Kenako anayamba kuseka. Kenako anayamba kukhala pansi pakhondepo, awiriwo n'kumakangana za ng'ombe ndi za mvula mpaka basi ya ku Monze kutsala pang'ono kuwasiya. Koma nkhani ya nyumba palibe ankaitchula, ndipo pangano lija linali pomwepo, ngati njoka yogona pansi pa mpando. Zaka zonsezi asisi anga sanabzalepo mtengo pabwalo. Ankati sangabzale chinthu chimene sakudziwa ngati adzachione chikubala. Mudala akangotsokomola, asisi ankasiya kudya.

Mwezi wathawu mtima wawo unatopa. Kuchipatala, nesi wina amene anali mwana wawo wa sukulu, pofuna kuwalimbikitsa anati, "Ba Ticha, mailo muzalivi." Ankatanthauza kuti mawa awatulutsa. Iwo anatsegula diso limodzi. "Koka kapena dula, mwanawe?" Nesi anaseka, kenako anatuluka msanga m'wodi, ndipo ndinamupeza panja akupukuta m'maso. Davide anafika kuchokera ku Kitwe madzulo amenewo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, tinawasiya awiri. Kwa asisi anga ananena zochepa: "Esinati, ndadula mokwanira. Tsopano undilole ndikoke." Anatisiya m'mawa, kutacha bwinobwino.

Ba Mainza anafika Lachisanu. Kumanda anaima patali, chipewa m'manja. Ine maso anga onse anali pa iwo. Nyimbo sindinamve n'imodzi yomwe. Titabwerako, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, ndinawaona akulunjika kunyumba ya asisi. Ndinawatsatira, manja ali chabe. Chitsulo chija mudala sanandibwezere. Chinasanduka ndodo yawo mpaka mapeto, ndinachita kuchiwotcherera chogwirira.

Asisi anatuluka, Luyando ali kumbuyo kwawo. Palibe anakumbuka zopereka mpando. Ba Mainza anaima pakhonde n'kumayang'ana pamene mudala ankakhala. Kenako anati m'Chizungu, mudala wapita kukafunsa. Asisi anati eya.

Ba Mainza anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona milomo yawo ikukonzekera liwu lija. Anaima. Anapukusa mutu, ngati munthu wokana njira imene inamugwetsapo kale. Ndiye anayankhula Chinyanja, chimene sindinawamvepo akuyankhula, cholemera, chonunkhira Chitonga, liwu lililonse palokha:

"Mulamu. Nkalani. Nyumba ni yanu na mwana. Nkalani."

Limenelo silifuna kukoka, silifuna kudula. Asisi anakhala pansi pomwepo pasimenti, ngati miyendo yawo yamva liwulo iwo asanalimve. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana ngati mpanda uli bwino.

Powaperekeza kusiteji ndinawafunsa ba Mainza kuti zimenezi anaziganiza liti. Anati kalekale, Luyando akadali wa mano ogweluka. Ndinaima mumsewu. Ndinati nanga bwanji simunanene, asisi anga zaka zonsezi akugona ndi mantha? Anati akudziwa, ndipo adzapepesa kwa alamu awo, asisi anga, mpaka nawonso adzapite. Koma ankaona mmene mudala ankamwera mapiritsi. Akanangonena kuti nkhani yatha, munthu uja akanabwerera ku shuga wake, ndipo Khirisimasi yomweyo tikanamuika. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma sindinadziwe kuti ndimenye ndani. Ndinawanyamulira chikwama mpaka m'basi.

Mpando wa ndalema Davide wapita nawo ku Kitwe. Pakhonde patsala mizere iwiri pamene miyendo yake inadya polishi wofiira, ndi timalo tiwiri totuwa kutsogolo kwake pamene zidendene zinkapumira. Asisi akamapaka polishi amalambalala pamenepo. Chitsulo chili chotsamira khoma, chogwirira chake chikunyezimira ndi dzanja la mwini wake. Dzulo asisi anandituma kukumba dzenje pabwalo, moyang'anana ndi khonde, ndipo mbande ya mango ili m'kathumba kakuda ikudikira mvula. M'mawa mphepo ikachokera kusiteji, mawu a kondakitala amafika mpaka pakhondepo, "Ikulivi! Ikulivi!" Kenako amaima pang'ono, ngati akudikira. Palibe amamuyankha.